Matenda a mono: kuchira kwake ndi zomwe amasiya m'thupi. Mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Mulanje ndi Thyolo

Matenda a mononucleosis, omwe madokotala amangowafupikitsa kuti mono ndipo ena amawatcha glandular fever, alibe dzina lawolawo m'Chichewa. Wodwala akafika kuchipatala amangoti pakhosi pamuvuta, thupi likutentha, m'khosi mwatuluka anabere, ndipo mphamvu zamuthera. Mayankho ali m'munsiwa alembedwera munthu amene wauzidwa kuti ali ndi mono, komanso omwe akumudwazika.

Kodi mono imayamba ndi chiyani?

Nthawi zambiri imayamba ndi kachilombo ka Epstein-Barr, mwachidule EBV, ka mtundu umodzi ndi tizilombo ta katsabola ndi mashingozi. Kamayenda m'malovu: popsompsonana, pomwera kapu imodzi, pobwerekana mswachi, kapena mayi akamatafunira mwana chakudya. Kakalowa m'thupi pamatha masabata 4 mpaka 6 munthu asanamve kanthu, n'chifukwa chake kufufuza amene anakupatsirani n'kutaya nthawi chabe.

Mbiri ya kachilomboka ndi ya kuno ku Africa. Mu 1958 dokotala wa opaleshoni Denis Burkitt, akugwira ntchito ku Kampala, analemba za khansa yotupitsa nsagwada za ana. Zidutswa za zotupazo anazitumiza ku London, ndipo mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kachilombo katsopano. Zoti kachilombo komweko n'kamene kamayambitsa mono zinadziwika mu 1968 ku Philadelphia.

Bwanji matendawa samveka kwambiri kwathu kuno?

Akuluakulu oposa 90 pa 100 alionse padziko lapansi ali nako kachilomboka. Chosiyana ndi msinkhu womwe munthu amakatengera. Kumidzi kwathu ana ambiri amakatenga asanakwanitse zaka zitatu, ndipo pamsinkhu umenewo sikawadwalitsa, kapena amangokhala ngati agwidwa kachimfine. Mono yeniyeni, yogoneka munthu pamphasa, imagwira amene wakatenga atakula, makamaka wa zaka 15 mpaka 24. Ndiye kuno imapezeka mwa apo ndi apo: wophunzira wa sekondale yogonera komweko, wa ku koleji, kapena wachinyamata amene kachilomboka kanamuphonya ali mwana.

Zimenezi zikutanthauza kuti mnyamata wa ku Chitakale kapena ku Luchenza akatentha thupi n'kutupa m'khosi, mono si chinthu choyamba kuganizira.

Nanga tingadziwe bwanji kuti ndi mono osati matenda ena?

Ndi maso okha sizitheka, ndipo apa ndi pamene anthu amavulalira. Pali matenda anayi oyenera kuyamba kufufuzidwa.

Oyamba ndi malungo. Aliyense wotentha thupi ayezedwe magazi a pachala tsiku lomwelo. Akapezeka nawo amwe LA mpaka kumaliza mlingo wonse wa masiku atatu. Munthu atha kukhala ndi malungo ndi mono nthawi imodzi, choncho ngati LA watha koma pakhosi ndi anabere zikadalipo, abwerere kuchipatala.

Achiwiri ndi HIV yongolowa kumene. Pakadutsa masabata 2 mpaka 4 chitengereni HIV, anthu ambiri amatentha thupi, kumva kuwawa pakhosi, kutupa anabere ndi kutuluka totupa pakhungu, ndendende ngati mono. Choipa n'chakuti panthawiyi zoyezera za masiku onse zitha kusonyeza kuti mulibe, chifukwa thupi silinayambe kupanga asilikali omwe zoyezerazo zimafufuza. Amene wagonana mosadziteteza m'miyezi iwiri yapitayi ayezetse tsopano, ndipo ngati sanamupeze ndi HIV akayezetsenso pa tsiku lomwe mlangizi wamupatsa, mpaka miyezi itatu ikwane. Munthu amapatsira ena kwambiri m'masabata oyambirira omwewa.

Achitatu ndi zilonda za pakhosi zoyamba ndi mabakiteriya a streptococcus. Izi zimafuna penisilini, ndipo zikalekereredwa mwa mwana zitha kudzaononga zitseko za mtima patapita zaka. Achinayi ndi TB ya m'khosi, yomwe anabere ake sapweteka kwenikweni, amakula pang'onopang'ono n'kumatirirana, ndipo sachoka ngakhale patapita mwezi.

Zomwe zimalozera ku mono ndi izi: anabere otupa mbali zonse ziwiri, makamaka chakumbuyo kwa khosi, matonsilo okuta zoyera, zikope zotupa m'mawa, ndi kutopa koposa kukula kwa matendawo. Kuyeza magazi kotchedwa full blood count, komwe zipatala zazikulu za m'maboma zimachita, kumasonyeza kuti maselo a lymphocyte achuluka kuposa theka la maselo oyera onse, ndipo oposa 10 pa 100 ndi osaoneka bwino. Kuyeza magazi kofufuza mono, kotchedwa Monospot, kumathandiza kumene kulipo, koma m'sabata yoyamba kumaphonya pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi, ndipo mwa ana osakwana zaka zinayi n'kosadalirika.

Kuchira kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Werengani kuyambira tsiku lomwe thupi linayamba kutentha, ndipo tsikulo lilembedwe m'buku la kuchipatala, chifukwa malangizo onse otsatira amadalira tsiku limeneli. Pakhosi pamawawa kwambiri m'sabata yoyamba n'kuyamba kupepuka pofika masiku 10. Kutentha thupi kumatha m'masiku 10 mpaka 14. Anabere amaphwa m'masabata atatu kapena anayi, ngakhale ena amatsala ngati kanjere ka nandolo kwa miyezi. Kutopa ndiye kumatsalira m'mbuyo: ambiri amapeza mphamvu pakatha mwezi umodzi, ena miyezi iwiri kapena itatu.

N'chifukwa chiyani dokotala akungokamba za kapamba (spleen pa Chingerezi), pomwe vuto langa ndi pakhosi?

Chifukwa pakhosi padzapola pokha, koma kapamba kakang'ambika munthu atha kufa tsiku lomwelo. Kapamba kali kumanzere, kunsi kwa nthiti, ndipo ntchito yake ndi kusefa magazi. Pa mono, pafupifupi theka la odwala kamatupa, nthawi zina kuwirikiza kawiri kapena katatu. Kakatupa kamasuzumira kunja kwa nthiti zomwe zimakatchinga, ndipo khungu lake limapyapyala ngati chikopa cha ng'oma chokokedwa mopitirira. Kwa anthu a kuno pali chinanso: amene wadwala malungo kawirikawiri, kapena ali ndi likodzo la m'matumbo, kapamba kake kangakhale kanali kotupa kale mono isanabwere.

Kung'ambika sikuchitika kawirikawiri. Ndi odwala pakati pa 1 ndi 5 pa 1,000 alionse. Nthawi yoopsa kwambiri ndi masiku 21 oyamba, komabe zinachitikapo mpaka sabata yachisanu ndi chitatu. Ndipo sikuti munthu amachita kumenyedwa ayi. Kusenza katundu, kutsokomola mwamphamvu, kusanza, ngakhale kudzikakamiza kuchimbudzi m'mimba mutauma, zonsezi zimakweza mphamvu ya m'mimba n'kukankha kapamba.

Zizindikiro zake ndi ululu wadzidzidzi kumtunda kwa mimba chakumanzere, ululu wa paphewa lamanzere popanda kuvulala paphewapo, chizungulire poimirira, zikhatho ndi m'maso kuyera, thukuta lozizira, ndi mtima kugunda mothamanga. Ululu wa paphewawo anthu ambiri amaunyozera. Umabwera chifukwa magazi otayikira m'mimba amakhudza mnofu wopumira, womwe mtsempha wake umachokera m'khosi moyandikana ndi wa paphewa.

Zikatero mugonekeni wodwala chagada, musamupatse chakudya kapena chakumwa chifukwa angafunike opaleshoni, ndipo musamusisite pamimba kapena kumuthowa. Pezani galimoto m'malo momukhazika pa kabaza, ndipo lunjikani kuchipatala chochita maopaleshoni: cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, Mulanje Mission, kapena Malamulo ku Makwasa. Mukafika nenani msanga kuti munthuyu ali ndi mono. Ngati kapamba kachotsedwa, munthu amakhala ndi moyo bwinobwino, koma malungo ndi chibayo zimamugwira moopsa kuposa kale, moti kugona m'neti ndi kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha kumakhala kwa moyo wake wonse.

Abale asamabanye pamimba pa wodwala pofuna kumva ngati kapamba katupa. Ngakhale dokotala amagwirapo mofatsa, ndipo manja okha amaphonya. Sikani ndiyo imaonetsa bwino.

Ndingabwerere liti kuntchito kapena ku mpira?

Mabuku ambiri a zachipatala amangonena za masewera ogundana, ngati kuti aliyense amagwira ntchito ya pa desiki. Kuno funso lenileni ndi la katundu. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Thumba la chimanga ndi makilogalamu 50. Dengu la tiyi kumsana limalemera pang'onopang'ono pamene munthu akuwerama m'mizere ya pamtsetse.

M'masabata atatu oyamba musasenze madzi, nkhuni, nthochi kapena matumba, musalime ndi khasu, musapalase kabaza, musasewere mpira wamiyendo kapena ntchemberembaye. Kuyenda pang'onopang'ono pakhomo n'kwabwino, ndipo kugona tsiku lonse mutayamba kupeza bwino kumangochedwetsa mphamvu kubwerera. Pakatha masiku 21, ngati thupi silikutenthanso ndipo m'mimba simukupweteka, yambani zopepuka monga kusesa, kuphika ndi kuyenda mphindi 20 kapena 30. Ntchito zolemetsa ndi masewera ogundana zidikire masabata anayi athunthu, ndipo ngati kapamba kanapezeka kotupa, mudikire dokotala akuoneninso, zomwe zingafike masabata 6 mpaka 8. Onyamula katundu wa alendo kuchokera ku Likhubula kukwera phiri, ndi okonzekera mpikisano wa Porters' Race, atsate malire aataliwo.

Ogwira ntchito m'maesiteti apemphe kalata ya kuchipatala yonena tsiku loyambira matenda ndi masabata oyenera kupewa katundu. Kalata yongoti "wadwala" imachititsa kapitawo kuganiza kuti munthu akangosiya kutentha thupi ndiye kuti wachira. M'nyengo ya mvula, tiyi akamaphuka kwambiri, chiyeso chobwerera msanga chimakhala chachikulu poti ndalama imadalira makilogalamu, koma ndi bwino kupempha ntchito yopepuka kwa masabata angapo.

Ophunzira abwerere m'kalasi thupi likasiya kutentha ndipo akutha kumeza, ngakhale atayamba ndi theka la tsiku. Ntchito za manja za pasukulu ndi masewera ndizo ayembekeze.

Ndinamwa makapisozi ndipo thupi lonse latuluka totupa tofiira. Chalakwika n'chiyani?

Mwina munamwa amoxicillin kapena ampicillin. Mankhwala awiriwa, akamwedwa ndi munthu wa mono, amakonda kutulutsa totupa tofiira toyabwa thupi lonse, kawirikawiri patadutsa masiku angapo chiyambireni kumwa. Siyani kumwa, pitani kuchipatala ndi paketi yake, ndipo totupato timatha tokha m'sabata imodzi kapena iwiri. Nthawi zambiri sizitanthauza kuti thupi lanu limadana ndi penisilini mpaka kalekale, koma dokotala alembe bwino m'buku zomwe zinachitika. Ngati milomo yatupa, mukubanika, kapena khungu likusupuka ndi zilonda m'kamwa ndi m'maso, imeneyo ndi ngozi ya changu.

Maantibayotiki sapha kachilombo ka EBV. Kugula makapisozi pagolosale chifukwa pakhosi pali zoyera ndiyo njira yomwe ambiri amagwera m'vutoli.

Ndiye ndimwe chiyani?

Mankhwala ochiza mono kulibe. Omwe alipo ndi ochepetsa ululu. Wamkulu amwe panado wa 500 mg, mapiritsi awiri maola 6 alionse, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Ana amapatsidwa 15 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi lawo. Samalani ndi mankhwala a chimfine ndi a mutu ogula m'magolosale, chifukwa ambiri ali kale ndi panado mkati, ndipo mukaphatikiza mumapyola mlingo pa nthawi yomwe chiwindi chili chofooka. Bufeni wa 200 mpaka 400 mg maola 8 alionse, mutadya, amathandiza pakhosi, koma asamwe amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, woyembekezera, kapena amene akutuluka magazi m'nkhama ndi m'mphuno. Asipirini asapatsidwe kwa mwana wosakwana zaka 16, chifukwa pa matenda a mavairasi atha kuyambitsa vuto la Reye lomwe limaononga ubongo ndi chiwindi.

Sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda n'kumachukucha kukhosi katatu kapena kanayi patsiku, osameza. Mankhwala a prednisolone amaperekedwa ndi dokotala pokhapokha matonsilo atatupa mpaka kutseka njira ya mpweya. Wodwala akamapuma mochita phokoso, akamalephera kumeza malovu ake, kapena akamakana kugona chagada chifukwa chobanika, musadikire kuti kuche.

Zakudya ndi mowa bwanji?

Madzi ndiye oyamba: malita awiri kapena atatu patsiku, pang'onopang'ono, mpaka mkodzo uyere. Phala lamadzimadzi lothira nsinjiro, nthochi zakupsa, mapeyala, mbatata yofutsa yophwanya, mazira ndi msuzi zimamezeka mosavuta. Nanazi wathu wa ku Mulanje, ngakhale ndi wokoma chotani, amalasa pakhosi pa zilonda, ndiye adikire sabata yachiwiri. Papaya ndi masamba zimafewetsa m'mimba, zomwe zimatetezanso kapamba.

Mwa odwala ambiri chiwindi chimatupa pang'ono osadziwa, ndipo ochepa amafika pa chikasu. Chimachira chokha m'masabata angapo, ndipo mono siisiya matenda okhalitsa a chiwindi ngati momwe hepatitis B imachitira. Mowa wamtundu uliwonse, kaya kachasu, masese kapena wa m'botolo, usiyidwe kwa mwezi wathunthu, kapena kupitirira ngati maso anachita chikasu. Zitsamba zowiritsa zosadziwika mlingo zimalemetsanso chiwindi chomwecho. Maso akachita chikasu muyezetsenso malungo ndi hepatitis B.

Papita miyezi itatu koma ndikutopabe. Kodi ndi ulesi?

Si ulesi, ndipo achibale ayenera kumva zimenezi, chifukwa munthu wotere amaoneka wabwinobwino kunja. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2009, wotsata achinyamata 301 a ku Chicago omwe anadwala mono, anapeza kuti 13 pa 100 anali ndi kutopa kosatha pakutha miyezi 6, 7 pa 100 pakutha chaka, ndipo 4 pa 100 pakutha zaka ziwiri. Ambiri amachira ndithu, koma mochedwa.

Musanavomereze kuti ndi mono yatsalira, yezetsani zinthu zomwe zimafooketsa anthu kuno ndipo zili ndi mankhwala: kuchepa kwa magazi, malungo, HIV, TB, shuga, likodzo, njoka za m'mimba, ndi mimba kwa amayi. Kumene kungatheke ayezenso chithokomiro. Matenda a nkhawa ndi kukhumudwa nawonso amabwera munthu akadwala nthawi yaitali, makamaka ngati sukulu kapena ndalama zaima.

Kutopa kosatha kwenikweni, komwe madokotala amakutcha ME/CFS, kuli ndi chizindikiro chake. Munthu amagwira ntchito lero ali bwino, kenaka patatha maola 12 mpaka 48 amagwa, thupi kuphwanya, mutu kusagwira, ndipo tulo sitimutsitsimula. Apa pamachitika kulakwitsa kumodzi mobwerezabwereza: tsiku lomwe wadzuka bwino amachapa zovala zonse, kupita kumsika ku Limbuli n'kulimanso kudimba, kenaka n'kugona masiku atatu. Njira yothandiza ndi kulemba kwa sabata imodzi zomwe mwachita ndi momwe mwadzukira mawa lake, kupeza muyeso womwe sukugwetsani, n'kukhala pamenepo ngakhale tsiku labwino. Gawani ntchito m'zigawo za mphindi 15 kapena 20, kupumula pakati musanatope. Onjezani pang'ono pokhapokha mwatha sabata yonse osagwa, ndipo mukagwa bwererani pa muyeso wakale. Gonani ndi kudzuka nthawi imodzimodzi, tulo ta masana tisapitirire mphindi 30. Madiripi ndi majekeseni a mavitamini omwe ena amalipira ndalama zambiri sachotsa kutopa kumeneku.

Ndisiye kudyera limodzi ndi abale?

Ayi, palibe chifukwa chomupatula wodwala, poti ambiri pakhomopo ali nako kale kachilomboka. Akhale ndi kapu, supuni ndi mswachi wake, ndipo apewe kupsompsonana pamene akudwala. Malovu amakhala ndi kachilombo kochuluka kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, kenaka kamatuluka mwa apo ndi apo moyo wonse, moti kutsekereza kotheratu n'kosatheka.

Kodi mono imabwereranso?

Kachilomboka kamakhala m'maselo oyera a mtundu wa B mpaka imfa, koma chitetezo cha m'thupi chimakapondereza. Kudwala mono kawiri n'kosowa kwambiri. Zizindikiro zomwezo zikabweranso, ganizirani matenda ena, kuphatikizapo kachilombo ka CMV komwe kamadwalitsa mofanana. Amene chitetezo chawo chatsika ndiwo EBV imawavutitsa. Mwa anthu a HIV yosalandira chithandizo imatulutsa timizere toyera m'mbali mwa lilime tosachoka ngakhale mutapala, ndipo imakweza mpata wa khansa ya anabere yotchedwa lymphoma. Kumwa ma ARV mosadumphitsa ndiko chitetezo chake.

Ndamva kuti kachilomboka kamayambitsa khansa. Ndide nkhawa?

Ubale ulipo, koma uyenera kuonedwa pa muyeso wake. Kafukufuku wa ku Denmark ndi Sweden wa mu 2003 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 1,000 omwe anadwala mono amadzadwala khansa ya Hodgkin lymphoma, kawirikawiri m'zaka zochepa zotsatira. Khansayi imachizika ikapezeka msanga. Bwererani kuchipatala ngati mwanabere akukulirakulira patatha masabata 4 mpaka 6, wauma ngati mphira, wapitirira masentimita awiri, kapena ali pamwamba pa fupa la pakati pa khosi ndi phewa. Chimodzimodzi ngati mukutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda, kapena mukuonda popanda chifukwa. TB imaonekanso chonchi, ndiye pamafunika kuyeza, nthawi zina kudula kachidutswa.

Kwa ife nkhani yaikulu ndi Burkitt lymphoma, imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi. Siichokera ku mono, koma ku EBV yotengedwa paukhanda pamodzi ndi malungo obwerezabwereza, omwe amafooketsa asilikali olondera kachilomboka. Imakonda ana a zaka 4 mpaka 7. Nsagwada, diso kapena mimba zimatupa mofulumira kwambiri, m'masiku owerengeka, ndipo mano amagwedera. Makolo ambiri amayamba ndi kuzulitsa dzino kapena kutemera mphini, nthawi n'kumapita. Mwana wotere atumizidwe ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, komwe kuli wodi ya ana a khansa, chifukwa khansayi imamva mankhwala msanga ikagwidwa isanafalikire.

Nanga matenda a mitsempha?

Mu 2022 ofufuza a ku Harvard, atasanthula zolemba ndi magazi a asilikali a ku America oposa 10 miliyoni, anasonyeza kuti mpata wodwala multiple sclerosis, matenda oononga mitsempha ya mu ubongo ndi mu msana, umakwera ka 32 munthu akatenga EBV. Komabe pafupifupi aliyense ali ndi EBV pomwe odwala matendawa ndi ochepa, ndipo kuno kum'mwera kwa Sahara ndi osowa. Zoyenera kuthamangira nazo kuchipatala pa nthawi ya mono ndi khosi kuuma, kusokonezeka mutu, kukomoka, nkhope kupotoka, miyendo kufooka kuyambira kumapazi kukwera m'mwamba, kapena kupweteka pachifuwa ndi kubanika.

Ndine woyembekezera, kapena ndikuyamwitsa. Mwana ali pangozi?

EBV siidziwika kuti imapundula mwana m'mimba, ndipo kuyamwitsa kupitirire. Chofunika n'chakuti CMV, toxoplasmosis (matenda otengera ku ndowe za amphaka kapena nyama yosapsa) ndi HIV yatsopano zimaoneka ngati mono ndipo zitha kufikira mwana, choncho mayi woyembekezera wotupa anabere ndi kutentha thupi akanene kusikelo sabata yomweyo. Amwe panado yekha, osati bufeni.

Kodi katemera alipo? Ndingaperekenso magazi?

Katemera wovomerezeka wa EBV kulibe. Magazi musapereke pamene mukudwala kapena mukadali wofooka. A Malawi Blood Transfusion Service akabwera kusukulu kapena kutchalitchi kwanu, auzeni mwezi womwe munadwala mono ndi kuwaonetsa buku la kuchipatala, iwo adzakuuzani nthawi yoyenera kudikira.